Kumbuyo kwa Pikiapu

Kwathu ku Ntcheu munthu akagula galimoto yaing'ono, ija ya zitseko zinayi ndi buti kumbuyo, anthu amamuyamikira n'kumusiya. Koma akagula pikiapu amamuyamikira n'kukoka mpando kuti akambirane. Nkhani yake imakhala yakuti galimotoyo iikidwe chiyani, ndipo aliyense wopereka nzeru amalankhula maso ali kumbuyo kwa galimotoyo, kuyeza pamene iye adzakhale kapena pamene thumba lake lidzagone.

Ine ndidagula yanga mu 2024. Ndi Toyota Hilux yoyera, ya mipando yakutsogolo yokha, yopanda chokometsera chilichonse. Ndalama zake zidachokera ku mbatata ya kachewere ya zaka zambiri, ng'ombe zingapo zimene ndidagulitsa, ndi ngongole imene ndikubwezabe mpaka lero. Kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho mtengo umene ndinkauwerengera kwa zaka udandithawa ngati kalulu wadzidzimuka pathengo. Nditalipira zonse, msonkho ndi inshuwalansi yomwe, m'thumba mudatsala kangachepe. Kangachepe kameneko ndi kamene kadabweretsa mkangano, chifukwa galimoto ikachoka kogulitsa imakhala ngati nyumba yongofoleredwa kumene: mutha kugonamo, koma mulibe mphasa.

Ntchito ya galimotoyi ndi yosachititsa kaso. Imandichotsa kumudzi, kumapiri a kufupi ndi Lizulu, n'kukandisiya pa boma la Ntcheu m'mawa, madzulo n'kundibweza. Gawo loyamba la ulendowu ndi msewu wafumbi umene m'chilimwe umagwedeza mano ndipo m'dzinja umaterera ngati therere. Kenaka ndimalowa mu M1, pamalo paja pamene msewuwo ndiwo malire: dzanja ili Malawi, dzanja ilo Mozambique, mwakuti nthawi zina foni imakulandira kudziko la eni uli m'dziko lako lomwe. Ndimadutsa pa Mlangeni, pa mphambano ya ku Tsangano, pa Biriwiri, n'kutsetserekera kuboma. Mwayi wanga ndi wakuti ulendo wonsewu uli pakati pa zipata ziwiri zolipiritsa, cha pa Chingeni chimene chidatsegulidwa mu 2021 ndi cha pa Kalinyeke ku Dedza cha mu 2022, kotero sindilipira kanthu pokhapokha ndikalowera ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Msewu umenewu ndiwo udayenera kundiuza zogula. Koma msewu sulankhula msanga. Amene adayamba kulankhula ndi anthu.

Oyamba anali anyamata, motsogozedwa ndi mwana wa mchemwali wanga, amene amadziwa dzina la chitsulo chilichonse chimene adachionapo pa Facebook. Iwowa ankafuna zinthu zinayi: chitsulo chachikulu chakutsogolo chija amati bull bar, marimu onyezimira, magalasi akuda, ndi masipika oti munthu akamachoka pa Lizulu a pa Mlangeni adziwiretu. Sindidawaseke. Mtima wofuna kukongoletsa chokwera sudayambe ndi iwo. Malume anga, amene adapita ku Joni pa Wenela boma lisanaimitse ulendowo mu 1974, adabwerako ndi njinga imene adaiveka magalasi awiri, mabelu awiri ndi timaluwa ta pulasitiki m'masipoko, ndipo amayi amati mudzi wonse unkatuluka kudzaiona. Nanenso, kunena zoona, nditaona chithunzi cha Hilux yovala chitsulo chakutsogolo chija, mtima udati phaa. Imaoneka ngati ng'ombe yamphongo ya Angoni yoti ikalowa m'khola zinzake zimapatuka.

Komabe chitsulocho ndidachikana, ndipo chifukwa chake ndi msika wa pa Lizulu. Amene adadutsapo tsiku la msika akudziwa kuti pamenepo msewu ndi msika ndi chinthu chimodzi. Kabichi, tomato, anyezi, karoti ndi kachewere zimafika m'mphepete mwenimweni mwa phula. Amayi amathamangira basi iliyonse ndi beseni pamutu. Ana amadumpha msewu kuchoka ku Malawi kupita ku Mozambique kukagula kanthu n'kubwerera asanayang'ane uku ndi uku. Kutsogolo kwa galimoto za masiku ano adakupanga kofewerako dala, kuti kukagunda munthu kuzipindika n'kumwa ina mwa mphamvuyo. Ukaikapo chitsulo cholimba, mphamvu yonse imathera m'thupi la wogundidwayo, ndipo kutalika kwa chitsulocho kumalingana ndi mutu wa mwana wa sitandade 1. Mayiko a ku Ulaya adakhwimitsa malamulo pa zitsulo zoterezi mu 2005 pa chifukwa chomwechi. Anyamata aja adati, "Nanga mbuzi, amalume? Mukagunda mbuzi rediyeta ithera pomwepo." Ndidawayankha kuti rediyeta ili ndi mtengo wake pa shopu.

Magalasi akuda ndidawakana pa chifukwa china chimene sindidawauze. Kumudzi munthu wodutsa osaoneka nkhope amakhala wayamba kudzipatula. Gogo wakhala pakhonde akakweza dzanja amafuna aone kuti nawenso wakweza lako. Za marimu ndi masipika sindidataye nazo nthawi. Wailesi imene idabwera ndi galimoto imagwira MBC ndi Zodiak, ndipo uthenga wa maliro ndi mitengo ya fetereza zimamveka bwinobwino popanda chogunda pachifuwa.

Wachiwiri anali makaniko wina wa pa boma, munthu wachikulire wosachedwa ndi mawu. Iyeyu adagwada, n'kuyang'ana pansi pa galimoto, n'kunena kuti chinthu choyamba ndigule tcheni ndi loko. Tayala lapadera la pikiapu limakhala kunsi, panja, ndipo munthu wodziwa ntchito yake amalitsitsa iwe uli m'sitolo kugula shuga. Chinali chinthu chotchipa kuposa zonse zimene ndidamva sabata imeneyo, ndipo ndidachigula tsiku lomwelo. Adandiuzanso kuti ndisathamangire kusintha matayala ngakhale anthu anene kuti a kufakitale ndi a m'tauni. Matayala a mano akuluakulu amathandizadi pamatope, koma gawo lalikulu la ulendo wanga ndi phula, pamene amalira ngati njuchi ndi kumwetsa mafuta. Adati ndidikire awa athe, ndipo pogula ena ndidzawerenge manambala anayi amene amadindidwa m'mbali mwa tayala: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chimene tayalalo lidapangidwa. Matayala ambiri a kaunjika amaoneka a mano abwino koma ndi nkhalamba, mphira wake udauma kale, ndipo amaphulika tsiku lotentha uli pa liwiro. M'malo mwake ndidagula pampu yopondera, timphira tomatira pantchala, chingwe chokokera, ndi khasu la mpini waufupi limene limagona kuseri kwa mpando. Khasulo landitulutsa m'matope kangapo, ndipo latulutsanso ena ambiri kuposa ine.

Pa nkhani ya magetsi tidagwirizana msanga. Miyezi ya Juni ndi Julayi, ndiponso m'mawa wina wa m'dzinja, nkhungu ya kumapiri kuno imatsika n'kukhala pamsewu ngati thonje. Ambiri amaika chimzere cha magetsi owala kwambiri pamwamba pa galimoto, koma m'nkhungu kuwala kochokera pamwamba kumangobwerera m'maso mwako, ndipo usiku wopanda nkhungu kumachititsa khungu amene akubwera kutsogolo, amene mwina pambali pake pali wa kabaza wopanda nyali kapena ngolo ya ng'ombe yochedwa kumunda. Ndidaika timagetsi tiwiri ta m'munsi, toyang'ana pansi, tounikira mzere wa m'mphepete mwa msewu. Sitikongoletsa galimoto ngakhale pang'ono. Mwana wa mchemwali wanga adati tikuoneka ngati maso a chule.

Alimi anzanga a kachewere adabwera ndi yawo. Adati ndiwonjezere masipuling'i akumbuyo, chitsulo chimodzi kapena ziwiri mbali iliyonse, kuti galimoto izinyamula mopitirira osakhala pansi. Pikiapu yamtunduwu idapangidwa kuti izinyamula pafupifupi tani imodzi, kapena kuti matumba 20 a makilogalamu 50. Koma thumba la kachewere la ku Tsangano si la makilogalamu 50. Amalisokerera mutu pamwamba mpaka lifanane ndi munthu woimirira, ndipo amuna awiri amalikweza akubuula. Kuwonjezera masipuling'i kumangobisa kulemera kuti maso asakuone. Mabuleki amakhala omwe aja, ndipo ndi mabulekiwo amene adzayankhe mlandu pa mitsetse ya kulowera kuboma. Komanso masiku asanu pa sabata galimotoyi imayenda yopanda katundu, ndipo ya masipuling'i owuma ikakhala yopanda kanthu imadumpha pa msewu wafumbi ngati mwana wa mbuzi. Ndidakana, ndipo ena mwa iwo adaona ngati ndakana kuwanyamulira mbatata. Sadalakwitse kwenikweni.

Zonsezi zinali zazing'ono. Mkangano weniweni unali wa kumbuyo, ndipo unali pakati pa anthu awiri amene sindingawayankhe mwachidule ngati anyamata aja: mayi a kunyumba ndi malume.

Mayi a kunyumba ankafuna kanopi, denga lija amavindikira kumbuyo konse n'kukhala ndi chitseko chokhoma. Zifukwa zawo zoyamba zinali zoonekeratu. Mvula ya kuno sichenjeza. Ufa, shuga, mabuku ndi simenti zikanyowa ndiye kuti zatha. Pa boma ukaimika galimoto katundu ali poyera umayenda mtima uli m'mbuyo. Koma tsiku lina usiku, ana atagona, adanena chifukwa chenicheni.

"Bambo, inu simutha kukana. Ndakhala nanu zaka zonsezi, mawu akuti ayi pakamwa panu sindidawamvepo. Ndiye gulani chinthu choti chizikukanirani."

Adawerengera pa zala. Galimoto yotsegula kumbuyo ndi ya aliyense: wodwala pakati pa usiku, wa matumba a fetereza, wa malata, wa mbuzi ya chinkhoswe, akwaya opita ku msonkhano, a mpira opita kukasewera kutsidya. Onsewo adzati zikomo, ena adzabwera ndi nkhuku, koma pa filing'i siteshoni salandira nkhuku, ndipo kubanki salandira zikomo. Adandikumbutsa za mizere ya mafuta imene tidaiona mu 2022 ndi zaka zotsatira, anthu kugona m'galimoto kudikira thanki imene sikudziwika tsiku lofika. Kenaka adanena chimene chidandikhalitsa chete. Kumbuyo kwa pikiapu kulibe lamba, kulibe mpando, kulibe denga. Tonse tidamvapo za galimoto zonyamula anthu opita kumaliro zimene zidagubuduzika n'kubala maliro ena khumi. "Tsiku limenelo," adatero, "omwewo okutamandaniwo ndi amene adzati mudawaphera mwana. Ndipo kundende mudzapita nokha."

Palibe mawu amodzi mwa amenewa amene ndingati ndi abodza.

Malume sadatsutse chilichonse. Iwo sakangana, amafotokoza nkhani ngati akukamba za anthu ena. Adakhala pa mpando wawo wa ndalema n'kuyamba kukumbutsa za mmene ankanyamulira odwala pa machira, amuna anayi kusinthana mapewa usiku wonse kutsika mapiri; za mayi wina wa m'mudzi mwathu amene adachirira panjira, pansi pa mtengo, ngolo itathyoka gudumu; za thupi la mbale wawo limene lidachokera kuchipatala litamangidwa pa njinga, litakulungidwa mu mphasa, chifukwa galimoto ya hayala idatchula mtengo woposa ng'ombe. Atatha adaloza galimoto ndi ndodo.

"Chidenga mukuchinenacho, bokosi lilowamo?"

Ndidati lilowa, pakuti kumbuyo kwa galimoto ya mipando yakutsogolo yokha n'kotalika mokwanira.

"Nanga amayi operekeza? Akhala pati? Kapena kwanuko kuboma maliro amayenda okha ngati thumba la chimanga?"

Apa ndi pamene padagona nkhani. Kwathu thupi siliyenda lokha. Amayi amakhala mozungulira bokosi, kuimba njira yonse, kuti anthu a m'midzi yodutsamo adziwe, aime, amuna avule zipewa. M'kati mwa kanopi anthu sangakhale mowongoka, mpweya ndi wochepa, ndipo nyimbo sizituluka. Malume sankapempha kuti ndikhale wa matola. Ankafunsa ngati galimoto yoyamba ya mbumba yathu idzapezeke pa tsiku limene mbumba imawerenga anthu ake. Ine ndidaphunzira sukulu ndi ndalama za njinga ya magalasi awiri ija, imene adaigulitsa nditasankhidwa kupita ku sekondale. Sadazitchule zimenezo, ndipo sadafunikire kutero.

Ndidakhala masabata awiri osagula kanthu. Ndinkayenda ndi galimoto yopanda chilichonse kumbuyo, ndikuyang'ana za anzanga pamsewu. Ndidayamba kuona zimene kale sindinkaziona: kuti pikiapu za mabungwe ndi za makampani pafupifupi zonse zili ndi kanopi kapena chikwangwani choletsa kukwera, ndipo za anthu wamba za ku Tsangano, ku Kasinje ndi ku Kandeu pafupifupi zonse zili ndi zitsulo za m'mbali zopindika ndi ukalamba. Ukaona kumbuyo kwa pikiapu umadziwa amene mwini wake amawaopa, kaya ndi abwana ake kaya ndi abale ake.

Pamapeto pake ndidapita kwa mmisiri wowotcherera zitsulo pa boma, wa shedi ya malata ndi magalasi akuda omangidwa ndi waya. Tidagwirizana kuti apange zitsulo za m'mbali zofika paphewa la munthu wokhala pansi, zomangira ndi mabawuti m'mabowo amene alipo kale, osawotcherera pa galimoto penipeni, kuti dzimbiri lisapeze polowera ndiponso kuti tsiku lina ndikafuna ndidzathe kuzichotsa. Kuseri kwa galasi lakumbuyo adaika chotchinga cha nthambo zolimba kuti katundu asadzalowe m'khosi mwanga ndikaponda buleki mwadzidzidzi. Pamwamba adapanga mauta atatu ochotseka, ndipo telala wa pamsika adasoka lona wobiriwira womangira ndi malegeni. Mvula ikabwera timakoka lona. Kukakhala maliro timachotsa mauta. Pansi ndidayala mphira wokhuthala, wodulidwa ku lamba wakale wa pa fakitale, kuti makasu ndi mabokosi a tomato asakande utoto, komanso kuti wokhala pansi asaterereke. Ndidawonjeza bokosi lachitsulo lokhoma, lomangidwa pakona, la zinthu zimene mayi a kunyumba ankaopa kuti zibedwa. Zonse pamodzi sizidafike theka la mtengo wa kanopi, ndipo ndalama yotsala idagula nsalu zophimba mipando, pakuti fumbi lathu lofiira likalowa mu mpando silitulukanso.

Chimene kanopi ikadandichitira ndidayenera kudzichitira ndekha, ndipo ndicho chovuta kuposa kugula chitsulo. Ndidaika malamulo, n'kuwanena pamaso pa malume ndi a mfumu kuti asadzakhale nkhani ya ine ndi munthu mmodzi. Sindinyamula munthu wolipira. Ndilibe chilolezo cha matola ndipo sindikuchifuna. Wodwala ndi maliro a m'mudzi ndimanyamula, koma mafuta a maliro amasonkha ndi a komiti, monga amasonkhera ufa ndi nkhuni. Wokwera kumbuyo amakhala pansi, osati pa chitsulo, osati pa chitseko, ndipo akapitirira chiwerengero chimene ndidanena galimoto siliza. Ndikanyamula anthu ndimayenda pang'onopang'ono mwakuti a minibasi amandiimbira hutala mokwiya. Lamulo lovuta kusunga ndi la m'mawa, pamene ndikupita kuntchito ndipo pa mphambano paima anthu asanu ndi awiri amene onse ndikuwadziwa maina, mmodzi ndi mphunzitsi amene adandiphunzitsa kulemba. Masiku ena ndimatenga mmodzi kutsogolo n'kupepesa otsalawo. Amandiyang'ana, n'kuyang'ana kumbuyo kopanda kanthu kuja, ndipo ndimayenda nawo maso amenewo mpaka pa Biriwiri.

Mayi a kunyumba sadagonje. Adagula kope la masamba 40 limene limakhala m'galimoto, ndipo ulendo uliwonse wosakhala wa kuntchito amaulemba: tsiku, kopita, wotuma, mafuta. Kumapeto kwa mwezi amaliika patebulo pambali pa kalata ya kubanki osanena kanthu. Miyezi ina kopelo limandichititsa manyazi, miyezi ina limawachititsa iwo, monga mwezi umene dzina lolembedwa kawiri linali la mayi awo omwe, popita nawo kuchipatala cha boma ndi pobwera nawo atachira. Malume nawo sadakhutire kwathunthu. Amati zitsulozo ndi zazifupi, mmisiri akadakweza pang'ono kuti ng'ombe izitha kukwera popita ku msika. Ndidawauza kuti ndi dala.

Chatsala ndi chitseko chakumbuyo. Galimoto zambiri za kuno zimanyamula mawu, ena othokoza Mulungu, ena olasa adani amene mwini wake yekha ndiye akuwadziwa. Amayi akufuna ndilembepo Masalmo 23. Anyamata aja akufuna dzina la timu ya mpira ya ku England. Malume akuti mfunda wathu ukwanira, kuti a ku Nkolimbo pa Umhlangano adziwe kuti yafikayi ndi ya kwa yani. Wolemba zikwangwani wa pa boma wandifunsa kawiri, ndipo kawiri konse ndamuuza kuti ndidzabwera mwezi ukatha. Pakadali pano amene amalembapo ndi ana a sukulu, ndi chala, pa fumbi, galimoto ikaima pa chigayo. Sabata yatha adalemba kuti "Nditsukeni", ndipo wina wa dzanja lokhota adawonjeza m'munsi mwake kuti "chonde".